Nsapato ya Chidakwa, Phazi la Mwana

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, mphuno yawo inafa kalekale koma maliro ake sitinalire. Ikadali pomwepo pankhope, yaikulu bwino, koma ntchito imene yatsala nayo ndi kunyamula magalasi basi. Mutha kuwayandikizira nsomba yowola, iwo n'kukufunsani kuti mwaigula kuti yokongolayi. Chinaipha ndi guluu. Munthu akaweramira chitini cha guluu kuyambira ali mnyamata wosamera ndevu, mphuno imatopa, imapempha tchuthi, kenako imagona osadzukanso.

Ntchito yawo ndi yosoka nsapato. Mumsewu mwathu timawatchula kuti a Chidendene, chifukwa munthu akangofika, moni asanapereke n'komwe, iwo amayamba ndi mawu akuti, "Chidendene chatha ichi." Malo awo ali pansi pa masitepe a sitolo ya zitsulo: tebulo lalifupi, benchi, ndi mulu wa nsapato zimene eni ake anaziiwala. Ine ndimameta anthu pakhomo loyandikana nawo, ndiye tsiku lonse timalalatirana kudzera pakhoma la matabwa. Ine ndimasamala mitu, iwo mapazi, zapakatizo tinasiyira madokotala.

Sukulu anailawa ngati ine ndemwe, kunyambita pang'ono n'kulavula. Bambo awo atamwalira anayamba kupukuta nsapato pamalo okwerera mabasi, burashi dzanja ili, kansanza dzanja linalo. Mkulu wina wa diso limodzi amene ankasoka chapafupi anawamvera chisoni n'kuwaphunzitsa kugwira singano ya ngowe ija, kupaka guluu, kudikira kuti aume pang'ono, kenako kukhoma. Mlongo wanga anamukola ndi luso lomwelo. Iye amasita zovala pamalo ochapira, ndipo tsiku lina lamba wa nsapato yake anaduka. A Chidendene anamusokera, koma mofooka mwadala. Lamba anadukanso, mlongo wanga anabweranso, lamba anadukanso. Pamene ankazindikira kuti mmisiriyu ntchito amaidziwa koma ndi kamberembere, n'kuti ife tikukambirana kale za ukwati.

Akuluwa sayang'ana nkhope ya munthu. Mukawafunsa kuti kasitomala uja anali wamtali kapena wamfupi amangoti kaya, koma nsapato yake akuuzani mbiri yonse. Ya mlonda imatha pakati poti amangoima. Ya wopalasa njinga imang'ambika kunsi kwa zala. Ya chidakwa, amatero, ndiye sibisika: kutsogolo kumakalika ngati yadyedwa ndi khoswe chifukwa phazi silinyamuka mokwanira, ndipo m'mbali imadyeka mosagwirizana, ina uku ina uko.

Mwana anawachedwera. Atabwera anabwera mmodzi yekha, wamkazi, wamaso obulungira ngati mabatani a jekete. Ine ndi amene ndinamutcha Kabatani, dzina lake lenileni tinasiyira aphunzitsi. Amayi ake akapita kokasita, khandalo linkagona m'katoni pansi pa tebulo la bambo ake, hamala ikulira pamwamba pake: ko, ko, ko. Linazolowera mpaka kunyumba linkakana tulo popanda phokosolo, moti a Chidendene ankachita kugogoda mwendo wa bedi kuti mwana atseke maso. Atakula anali wolongolola ngati amalume ake. Ankalowa mometera mwanga n'kuuza kasitomala kuti, "Samalani, bambo, awa amameta ndi makutu omwe."

Tsono nkhani ya chitini. Akuba anathyolapo pansi pa masitepe paja n'kusesa zonse, ndiye kuyambira pamenepo alamu ankanyamula chitini cha guluu madzulo alionse kupita nacho kunyumba, n'kuchikankhira kunsi kwa bedi. Nyumbayo ndi ya zipinda ziwiri. Windo limodzi limatseguka, linalo linamatirira ndi penti. Mwadziwa kale zimene zinachitika. Makatani guluu, mapilo guluu, buledi ukamuluma kumveka guluu. Mlongo wanga akakwera basi anthu ankayang'ana pansi kufufuza amene wamatitsa nsapato. Ine ndinkawaseka kuti banja lawo silingathe, anachita kulimata. Fungolo linali ngati dzina lawo lachiwiri, ndipo panalibe amene ankaliganizira.

Kabatani atafika zaka khumi ndi zinayi, bambo ake anamupatsa ntchito. M'mawa uliwonse azitsanula guluu m'chitini chachikulu kuthira m'kabotolo kokagwirira ntchito tsikulo, kuti chitinicho chizitsala kunyumba osamayenda nacho. Anati manja ake ndi odekha, sataya. Mwanayo sanawiringulepo. Mbale ankakana kutsuka, kusesa mpaka mumukalipire, koma guluu ankachita kulawirira. Alamu ankanyada nazo. "Magazi a umisiri amenewo," ankatero, chifuwa chili patsogolo.

Kenako mwana uja anayamba kuzima pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta. Kulongolola kunatha. Ankadutsa pakhomo panga osandinyoza, ine n'kumati ndiye kukulako. Tizilonda tinatuluka m'mbali mwa mphuno ndi pamlomo, amayi ake anati chimfine. Maso anafiira, tinati akuwerenga kwambiri. Chakudya ankangochitokosa. Dzuwa likuswa mtengo iye ali m'juzi, mkono wa juziyo ali nawo pakamwa, tinati manyazi achitsikana. Nthawi zina ankaseka yekha, kuseka kopanda nthabwala, kenako n'kupsa mtima ngati wapondedwa chala. Mlongo wanga anamuyang'anitsitsa pamimba kwa nthawi ndithu, ndipo ataona kuti palibe chikukula anapumira m'mwamba n'kuthokoza Mulungu. Pamenepo n'kuti alamu ali pankhondo ndi mwini sitolo ya zitsulo, ati guluu wa masiku ano ndi wachinyengo, akumauluka m'chitini chotseka.

Tsiku lina masana analowa mometera mwanga atanyamula kansapato kakuda. Sanakhale pansi. Anadikira kuti kasitomala atuluke, n'kukaika pashelefu pakati pa zipeso.

"Alamu, taonani aka."

"Ndakaona. Ndikamete?"

"Musaseke. Iyi ndi nsapato ya chidakwa."

Ndinaitembenuza. Kutsogolo kunali kokalika mpaka kuyera, m'mbali yodyeka mokhota.

"Chidakwa chake cha kaphazi kotere n'chiti? Chimamwera m'kasupuni?"

"Ndi ya Kabatani."

Pakamwa panga, pamene sipatsekeka ngakhale pamaliro, panauma gwa.

"Mphuno yanga mukuidziwa," anatero motsitsa. "Amayi ake sindinawauze, angakomoke. Inu ndinu amalume ake. Mumununkhize. Ngati ndi mowa mundiuze. Ngati ndi fodya wamkulu uja mundiuzenso, musandibisire."

Pochokera kusukulu ndinamuitana. "Iwe Kabatani, tabwera kuno, mutuwo wasanduka chisa cha mpheta." Analowa osayankha, anakhala pampando, ndinamufunditsa nsalu. Pagalasi ankadziyang'ana ngati akuona mlendo. Ndinawerama pafupi ngati ndikuwongola m'mphepete mwa tsitsi.

"Tayasamula, ndione ngati mano akadalipo onse."

Anayasamula mwaulesi. Ndinakoka mpweya wonse ndi mphuno yanga yamoyoyi.

Atapita, alamu anasuzumira pakhomo. "Bwanji?"

"Mowa mulibe. Fodya mulibe. Guluu yekhayekha, fungo la kwanu lija."

Tinaseka ngati anthu opulumuka pangozi. Alamu anati ndiye kuti akumasewera mpira ndi nsapato za kusukulu, ana a masiku ano. Anaikonza nsapato ija, anaipukuta mpaka kumaoneramo nkhope. Amuna awiri akuluakulu, wina wopanda mphuno wina wopanda nzeru, yankho talitchula ndi pakamwa pathu pomwe, ife n'kumaliseka.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina amene ana amamutchula kuti Mayi a Lachitatu. Kuseri kwa chipatala chaching'ono cha m'dera lathu kuli chipinda cha chitseko chobiriwira. Lachitatu lililonse masana mayiyu amakumana mmenemo ndi achinyamata amene angoyamba kumene kulawa mowa, chamba, mapiritsi ndi zina zotero, pamodzi ndi makolo awo. Amati mwana awolotsedwe madzi akadali m'mawondo. Masiku ena amayendera masukulu. Mumsewu mwathu chipindacho timachitcha kwa achamba, ndipo munthu akaoneka pachitseko chimenecho, madzulo asanafike nkhani imakhala itazungulira.

Anafika pansi pa masitepe n'kukhala pabenchi ngati kasitomala, mayi wamfupi wa chikwama chakutha.

"Chidendene chatha ichi," anatero alamu osadzutsa mutu.

"Chisiyeni, bambo, sindinabwerere nsapato. Ndinu bambo ake a mtsikana uja wamaso aakulu?"

Ine ndinazimitsa makina ometera n'kuzungulira khoma.

"Aphunzitsi ake anandipempha kuti ndicheze naye, chifukwa akumagona m'kalasi ndipo dzanja lake polemba layamba kukhota. Mwana wanu akukoka guluu."

"Akukoka bwanji? Guluu sakokedwa, amapakidwa."

"Amathira m'kathumba ka pulasitiki kapena pamkono wa juzi, n'kumapuma mpweya wake. Amaledzera naye."

Alamu anaseka, kuseka kwa mano okha. "Mayi, ife tonse timanunkha guluu. Ndinunkhizeni ine. Mukanunkhize mkazi wanga. Ngakhale mphaka amene amabwera kwathu amachoka akununkha."

"Inu chikununkha ndi malaya. Mwanayo fungo likuchokera m'chifuwa akamapuma. Kunyumba kwanu amatsegula chitini ndani?"

Alamu anaika hamala pansi n'kuyang'ana kabotolo kamene Kabatani anathira m'mawa umenewo.

Mayi uja anafotokoza modekha. Anati mwanayo akadali koyambirira, atha kubwerera, koma akapitiriza guluu amadya ubongo ndipo zimene wadya sabweza. Anapempha kuti Lachitatu abwere naye, bambo ndi mayi omwe, chifukwa mwana yekha sangathe.

"Mwana wanga wamkazi alowe pachitseko chija msewu wonse ukuona?" anatero alamu. "Dzina limenelo lidzamuchoka liti? Mawa akadzafuna ntchito, akadzafuna banja, anthu azidzati uja wa kwa achamba? Iyayi. Chitini ndi changa, mwana ndi wanga. Ndikhoma loko, nkhani ithera pomwepo."

Mayiyo sanalimbane nawo. Anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa.

"Sindingakukokeni pachingwe. Koma chimodzi ichi mundimvere nonse awiri, mukauzenso amayi ake. Mukadzamupeza ali mkati mokoka, musadzakuwe. Musadzamuthamangitse, musadzamenye chitseko, musadzamudzidzimutse mwanjira iliyonse. Nthawi imeneyo mtima umakhala ukugunda mosokonekera, ndiye mantha adzidzidzi atha kuuimitsa pomwepo, mwana wabwinobwino n'kugwa osadzukanso. Komanso musadzachedwe, chifukwa kathumbako kamatha kumatirira pankhope. Mudzafike mofatsa, muchotse kathumba, mumutulutsire kumpweya."

Pomaliza anandiyang'ana ine, ngati wina anamutsina khutu kuti ndine amene ndimabisala kuseri kwa zitseko n'kumakuwira ana kuti wa!

Madzulo amenewo alamu anauza mkazi wawo, ndipo onse awiri anamukhazika pansi mwanayo. Anakana, analumbira, analira, kenako anatembenukira kukhoma. Chitini chinalowa m'bokosi lamatabwa, bokosi linakhomedwa loko, kiyi anamangidwa pachingwe m'khosi mwa a Chidendene. Kabotolo ankathira okha.

Masiku otsatirawo m'nyumba muja munalowa mantha amene sindinawaonepo chibadwire. Anthu ankayenda monyang'ama. Mlongo wanga asanalowe kuchipinda ankayamba watsokomola, kenako kung'ung'udza kanyimbo, kenako kukankha chitseko ngati mkatimo muli njoka. Supuni ikagwa, onse mtima phwii. Taganizani, kumuopa mwana wako yemwe, osati poti akuvulaza, koma poti ungamuphe ndi mawu a pakamwa pako. Alamu, amene akayetsemula amamveka kutsidya kwa msewu, anayamba kulankhula ngati ali pambali pa wodwala. Mwanayo naye ankangozungulira bokosi lija ndi maso, thukuta lili pamphumi, manja osakhazikika, kukalipira aliyense. Mlongo wanga ananyengerera amuna ake kuti angopita Lachitatu. Ine ndinayesa ndi nthabwala, ndinayesa ndi ukali wa umalume. Yankho linali lomwelija: loko alipo.

Loweruka lina dzuwa lili paliwombo ndinamva hamala yasiya kulira pakati pa ntchito. Posakhalitsa alamu anaima pakhomo panga, dzanja lili pakhosi. Chingwe chinalipo, koma kiyi panalibe. Chinali chitadulidwa bwinobwino ndi lezala n'kumangidwanso kamfundo kakang'ono, ntchito ya manja odekha aja. M'mawa umenewo anali atachivula posamba, ndipo povalanso sanachiyang'ane.

"Amayi ake ali kuntchito," anatero. "Ali yekha."

Malo athu antchito sitinatseke n'komwe. Tinaliyatsa liwiro, iwo hamala ikadali m'manja, epuloni ikukupiza.

Titayandikira nyumba tinasiya kuthamanga n'kuyamba kunyang'ama ngati akuba. Chitseko chinali chokowekedwa mkati ndi kangowe kachitsulo. Tinazungulira ku windo lomatirira lija n'kusuzumira pampata wa katani.

Anali atakhala pansi, msana watsamira bedi, miyendo tambalale. Bokosi linali pambali pake chitsegukire. Kathumba kanali pamphuno ndi pakamwa, kakufufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, ndipo ulendo uliwonse kakaphwa kankakakamira pamasaya nthawi yotalikirapo. Mutu unali utapendekera paphewa. Maso aakulu aja anali otseguka theka, osaona kanthu.

Ndinaona mitsempha ya pakhosi pa alamu ikutupa. Pakamwa panatseguka. Mfuu inali itafika kale pammero, mfuu ya bambo aliyense amene waona zotere. Ndinawagwira mkono ndi zikhadabo zomwe. Anatseka maso n'kuimeza ngati akumeza mwala.

Tinayang'anana. Tikathyola chitseko, phokoso limupha. Tikadikira, kathumba kamupha. Tikamuitana, sitikudziwa kuti mawu athu akafika bwanji m'mutu mmene muli utsi wotere.

A Chidendene anawerama n'kuvula nsapato zawo zonse ziwiri. Imodzi anandipatsa pamodzi ndi hamala.

"Khalani pakhondepa," ananong'ona. "Gogodani. Pang'onopang'ono, ngati ine."

Ndinamva msanga chimene ankatanthauza. Padziko lonse lapansi panali phokoso limodzi lokha limene mwana ameneyu sakanadzidzimuka nalo, lomwe linkamugoneka ali m'katoni. Likanamuuza kuti bambo ake ali pafupi, komanso likanabisa kukhwekhwereza kwa chitsulo pachitseko. Ndinakhala pasimenti, nsapato pabondo. Ko. Ko. Ko.

"Mwafulumira," ananong'onanso. Manja anga ankathamanga okha. Ndinaluma mlomo n'kubweza. Ko... ko... ko.

Iwo anasolola singano ya ngowe m'thumba la epuloni, anagwada, n'kuilowetsa pampata wa pakati pa chitseko ndi felemu. Munthu amene amapeza bowo la ulusi mkati mwa nsapato osaona, tsiku limenelo dzanja linkamukana. Ngowe inakola, inanyamula pang'ono, n'kupulumuka. Kachitsulo kanalira kuti kete. Tonse tinauma. Mkati munali zii. Sindinadziwe ngati ziiyo ndi ya munthu womvetsera kapena ya munthu amene wapita. Hamala ndinaigwetsabe pansapato, chifukwa ndikanasiya ndikanakuwa ndine.

Anayesanso. Thukuta linkagwera pamagalasi. Ulendo uno kangowe kanakwera, kanakwera, n'kugwera mbali. Anakankha chitseko ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono kuti mahinjesi asalire, ndipo fungo limene linatuluka mmenemo linandilasa m'maso.

Analowa chokwawa ndi mawondo, akulankhula ndi mawu amene amalankhulira akamagwira ntchito payekha.

"Ndine, mayi wanga. Ndi bambo ako. Khala momwemo, palibe kanthu. Ndangobwera kudzatenga ulusi."

Anafika pambali pake. Anatsina ngodya ya kathumba n'kukamatula pankhope mofatsa ngati akuchotsa bandeji pachilonda. Milomo ya mwanayo inali yotuwa. Chifuwa chinaima. Ine pakhonde ndinkangoti ko, ko, misozi ikulowa m'kamwa. Kenako anakoka mpweya wautali wokhala ngati mluzu, anatsokomola, maso anayendayenda mpaka anapeza nkhope ya bambo ake.

"Ababa," anatero lilime lili lolemera, "mwaweruka kale?"

"Ndaweruka, mayi wanga."

Anamunyamula n'kutuluka naye pabwalo. Anamukhazika pamthunzi akumukupiza ndi epuloni, kenako anandiuza kuti ndiwathandize kumubereka. Ndinati ndikaitane galimoto tidzere njira ya kuseri. Anapukusa mutu. Anati njira ya kuseri ndi yaitali.

Ndiye anadutsa naye mumsewu mwathu momwemo, masanasana, Loweruka anthu ali pikitipikiti. Mmisiri wa nsapato akuyenda wopanda nsapato paphula lotentha, mtsikana wamkulu ali kumsana miyendo ikulendewera. Sanathamange, ankaopa kumugwedeza. Ine pambuyo ndi hamala ndi nsapato imodzi ngati wamisala. Mwini sitolo ya zitsulo anatuluka pakhomo.

"A Chidendene, mwana watani?"

Ndinkayembekeza kuti anena malungo. Anaima pang'ono kukonza mwana kumsana, n'kuyankha mokweza moti ogulitsa m'mbali mwa msewu onse anamva.

"Wakoka guluu wanga. Ndikupita naye kwa achamba."

Palibe anaseka. Anthu anapatuka n'kuwapatsa njira.

Kuchipatala anamwino anamumvetsera mtima, anamugoneka mpaka dzuwa kupendeka, n'kutiuza kuti tachita mwayi. Mlongo wanga anafika akuthamanga, m'manja muli malaya a kasitomala amene anaiwala kuwasiya. Lachitatu lotsatira analowa pachitseko chobiriwira atatu, alamu patsogolo.

Zimene zimakambidwa mmenemo sindizidziwa zonse, amalume saloledwa kukanola lilime kumeneko. Chimene mlongo wanga anandiuza n'chakuti tsiku lina Mayi a Lachitatu anafunsa mwanayo kuti anamuphunzitsa ndani. Tonsefe tinali titakonzeka kumva dzina la mnzake woipa, kuti tikhale ndi munthu womuda. Mwanayo anati palibe. Anati m'mawa akamathira m'kabotolo ankamva mutu kupepuka, mantha a mayeso ndi a atsikana amene ankamuseka kuti amanunkha nsapato ankasungunuka, ndiye anayamba kuchedwerapo dala pachitini.

M'mawa mwake alamu anabweza chitini kwa mwini sitolo, guluu atatsala theka. Kuyambira pamenepo pansi pa masitepe paja pamasokedwa ndi kukhomedwa basi, sipamatidwa. Amene amadziwa ntchitoyi akuuzani kuti kumeneko ndi kudzidula mwendo, chifukwa nsapato zambiri za masiku ano ndi zomata zokhazokha. Makasitomala ambiri anasamukira kwa mnyamata wa kuseri kwa msika. Zala za alamu zinang'ambika ndi ulusi. Lachitatu masana amaphimba tebulo ndi lona n'kukakhala pa timipando ta pulasitiki pamodzi ndi makolo ena, kuphunzira kufunsa mwana mafunso popanda kumuweruza. Akuti poyamba ankayang'ana pansi mpaka mayi uja anawauza kuti, "Bambo, mwana wanu ali kumtunda kuno."

Sindikunamizani kuti zonse zinatha. Kabatani anadwala mutu, anasanza, anatukwana amayi ake mawu amene sindingalembe. Pakati apa anaterereka n'kukoka kansanza konyowa ndi petulo, koma anakanena yekha Lachitatu asanafunsidwe, ndipo mayi uja anati kugwa kotere kumachitika, chachikulu n'chakuti wanena. Dzina lija nalo linamumata ndithu. Alipo amayi ena amene analetsa ana awo kuyenda naye. Koma aliponso bambo wina wowotcherera zitsulo amene anabwera kwa alamu madzulo ena, nsapato zake zili bwinobwino, kudzafunsa monong'ona kuti kuchipinda kuja amalowa nthawi yanji.

Tizilonda tinapola. Masaya anabwerera. Kulongolola kukubwera pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wovuta. Mantha okha ndi amene sanasamuke, ndipo sindikudziwa ngati adzasamuke.

Sabata yathayi ana a sukulu anadutsa onse, magulumagulu, iye osaoneka. Anadutsa ochedwa aja, anadutsa ndi aphunzitsi omwe. Hamala kuseri kwa khoma inasiya. Ndinatuluka, ndinawapeza alamu ataima m'mphepete mwa msewu, khosi lili m'mwamba. Posakhalitsa mlongo wanga naye anatulukira, atamva kwa mnzake kuti mwana sanafike. Tinaima atatu, aliyense akuwerenga m'mutu malo onse amene mumapezeka petulo, penti ndi zitini zotayidwa.

Kenako anatulukira pakona, chikwama kumsana, thukuta lili chuchuchu, akudya chipatso. Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Kwagwanji? Ndinakuuzanitu kuti lero tili ndi mpira wamanja."

"Unatiuza?" anatero amayi ake.

"Ndinauza ababa m'mawa."

Alamu anakanda m'mutu. Anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali, iye osaphethira, osathawitsa nkhope.

"Mwawina?"

"Atichinya. Koma ine ndagoletsa." Anasuzumira mometera mwanga n'kuyamba kuseka, kuseka kwenikweni kokhala ndi mwini wake. "Amalume, bambo awo mwawasiya choncho?"

Ndinacheuka. Pampando panga panali kasitomala, nsalu ili m'khosi, mutu mbali imodzi uli mbee, mbali inayo nkhalango, akundiyang'ana pagalasi ndi maso a munthu amene sadzabweranso.